Chitsime cha Apongozi Anga ku Kanyama

Ana anga, amai anu akuti chipumire pantchito ndasanduka nkhuku yosowa poikira. Ndikhala pampando, ndinyamuka, ndikasuzumira m'ngalande ya aneba, ndibwerera, ndinyamukanso. Ndiye andilamula kuti ndilembe mbiri yanga, mwina manja akatanganidwa miyendo ikhala pansi. Za ubwana wanga ku Katete sindichedwa nazo: ndinabadwa, ndinaweta mbuzi, mbuzizo sizinadandaule. Ndiyambira pamene ndinayamba kununkha m'dzina la khonsolo. Mukudziwa kuti ine Aisaki Sakala sindinama. Amene akukayika akafunse ba Chanda. N'zoona kuti anamwalira, koma akanakhala moyo akanavomera zonse.

Matero, pakati pa zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba inali yolendewera kumbuyo kwa lole ya zinyalala. Masiku amenewo malole analipo ambiri, moti ena ankaswera m'galaja osati chifukwa chowonongeka koma kuti nawonso apumeko. Ankatipatsa ovolosi, majombo, sopo, ndiponso mkaka m'mawa uliwonse, ati utsuke fumbi m'chifuwa. Nyumba iliyonse ya khonsolo inali ndi bini yachitsulo yokhala ndi chivindikiro chake, ndipo tinkafika tsiku limene tinanena. Ntchentche za ku Matero zinali pa njala yoopsa. Ndinaona ndi maso angawa imodzi itatsamira khoma la msika, nthiti zili pamtunda, ikupuma wefuwefu. Bwana wathu anali ba Siame, munthu amene anachoka ku usilikali koma usilikali sunachoke mwa iwo. Ankayenda ndi kampango koyera m'thumba. Tikatsuka lole ankakapaka kunsi kwa bodi, kakada pang'ono tinkayambiranso. Tinkawanena kuseri. Patapita zaka tinkawalakalaka ngati mvula ya mu Novembala.

Dalaivala wathu anali ba Chanda, Mbemba wa ku Kasama, wamfupi moti ankakhalira pilo kuti aone msewu. Inu mwakulira m'tauni koma chimbuya mukuchidziwa: Mbemba ndi munthu wa kum'mawa akhoza kunyozana pamaliro, paukwati, ngakhale pamaso pa bwana, popanda wokwiya. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumajombo, n'kuuza anzathu kuti abise makoswe onse a m'mabini chifukwa kwabwera wodya mbewa. Ndinawayankha kuti anyani a ku Kasama apereka moni, ochepa amene Abemba sanawadye. Kuyambira pamenepo sitinasiyane.

Amai anu ndinawapeza pa ntchito yomweyi. Ankagulitsa m'sitolo ya nsalu ku Kamwala, ndipo tsiku lina titatumidwa kumeneko anatithamangira ndi katoni ya zidutswa za nsalu, akukalipa kuti tadumpha sitolo yawo. Ndinapempha ba Chanda kuti sitolo imeneyo tiziidumpha nthawi zonse. Titakwatirana, kuntchito anandilonjeza nyumba, ndipo ndikuidikirabe. Choncho makolo a amai anu anatipatsa zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yawo ku Kanyama, ine n'kukhala mkamwini wa pakhomo, wovala ovolosi ya khonsolo koma wogona pa malo a eni.

Ambuya anu aamuna, a Banda, ankanyamula matumba kumafakitale. Ku Kanyama pansi ndi mwala wokhawokha. Ukamenya ndi piki, mano ako ndiwo amamva. Koma iwo anakumba chitsime pamwala womwewo, akaweruka kuntchito. Ankaotcha matayala akale pamwalapo, kuthirapo madzi kuti ung'ambike, kenako nyundo. Zinawatengera zaka. Madzi atatuluka iwo sanakhalitse, chifuwa chinawatenga. Chitsime chinatsala m'manja mwa ambuya anu aakazi, aNaphiri, ndipo sanagulitsepo madzi ngakhale kapu imodzi. Wotunga ankangosiya moni ndi nkhani. Panalibe mimba, ndewu kapena chibwenzi m'chigawo chathu chimene sichinayambe chafika pachitsimepo eni ake asanadziwe.

Tsono mumvetse ichi, inu amene mumakhala pampando umodzi ndi apongozi anu n'kumalimbirana nawo mpira wa pa kanema. ANaphiri anasunga mwambo wa kwawo monga anasungira chitsime. Mkamwini sayang'ana apongozi aakazi kumaso, sadya nawo, salankhula nawo mwachindunji. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira uku, iwo uko, ndipo ku Kanyama nthawi ya mvula uku ndi uko konse ndi madzi. Moni unkadzera mwa amai anu. Amai anu akachokapo, unkadzera mwa mtengo wa mapeyala umene unali pakati pa bwalo. Ine ndinkafunsa mtengo ngati amai adzuka bwino, iwo ankauza mtengo kuti adzuka, kaya abambo a kuseri. Ulipo mwambo womasula zimenezi, koma unkafuna kuti akuluakulu abwere kuchokera kumudzi, ndipo chaka chilichonse tinkati chaka chamawa. Ine apongozi anga ndinkawadziwa mapazi okha. Mapaziwo ndikanawatola pakati pa mapazi onse a mu Lusaka.

Chawama ndi George, zaka za m'ma 1980

Mkuwa utasiya kudyetsa dziko, choyamba kutha kwa ife chinali mkaka. Kenako sopo. Majombo anayamba kubwera mwa apo ndi apo, ndipo chaka china ndinalandira awiri a kumanzere okhaokha. Ndinawavala mvula yonse, ndipo mpaka lero ndikamayenda ndili m'maganizo ndimapezeka ndakhotera kumanzere. Malole anayamba kudyana okhaokha. Imodzi ikafa tinkaisenda ngati mbuzi kuti inzake ikhale moyo. Lole ya ba Chanda pomalizira inali ndi injini ya iyi, chitseko cha iyo, matayala osadziwana, ndipo sinkadzuka popanda kuikankha. Inkafunika kuimikidwa pachitunda, koma ku Chawama kumene anatisamutsira chitunda kulibe. Apa ndi pamene mulu wa pamsika unatithandiza.

Muluwo unayamba ngati chulu, sabata imene dizilo inachedwa. Dizilo itachedwanso, unafika m'chiuno. Kenako anthu anayamba kulozerana njira ndi iwo: ukafika paphiri ukhotere kumanja, nyumba yachitatu. Panamera mapapaya, matimati ndi maungu onenepa amene aliyense ankati sangadye koma m'mawa sankapezeka. Mbuzi ina inakwera pamwamba n'kuberekera komweko, ndipo ana ake anakula osadziwa kuti kunsi kuli dziko. Ndikulumbira. Ifeyo tinkakweza lole cham'mbuyo pa phiri limenelo tikaweruka, m'mawa n'kungomasula mabuleki. Khonsolo inalephera kuchotsa mulu, koma mulu sunalepherepo kudzutsa lole ya khonsolo.

Mabini achitsulo aja anasanduka mbaula. Anthu anakumba maenje kuseri kwa nyumba, maenje anadzaza, anayamba kutaya m'ngalande, ngalande zinatseka. Tikamadutsa ankatitukwana, ndipo sindinawaimbe mlandu, chifukwa m'mawa mwake ndinkaima nawo pamzere umodzi wa unga ndi mafuta ophikira. Ba Siame atapuma, mabwana ankabwera ndi kupita tisanawaloweze maina. Mmodzi ankakhulupirira misonkhano. Tinachita msonkhano waukulu wokambirana za kusowa kwa dizilo, ndipo dizilo yotsala inathera kukatenga mipando. Wina anandikweza kukhala wothandiza woyang'anira zaukhondo n'kunditumiza ku George, poti kukweza munthu sikufuna dizilo. Ntchito yanga inali yoyenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti azivindikira zimbudzi, aziwiritsa madzi, azisamba m'manja ndi sopo. Mai wina anamvetsera ulaliki wanga wonse atagwira tsaya, ndipo nditamaliza anandifunsa ngati sopoyo ndabwera naye kapena ndangobwera ndi dzina lake.

Ndinkaseka nawo, koma mitambo ikayamba kusonkhana mtima wanga sunkakhala pansi. Ndinkayang'ana milu, ndinkayang'ana ngalande, ndinkayang'ana kumwamba. Aliyense wa pantchito yathu ankadziwa chimene chikubwera. Chimene sitinkadziwa ndi chaka chake.

Kanyama, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990

Ananditumiza kukagwira ntchito kwathu komwe, mvula imene kolera inalowa m'makomboni. Poti ku Kanyama mwala sulola kukumba mozama, zimbudzi amazimanga m'mwamba, zokwera ndi masitepe ngati guwa la m'tchalitchi, ndipo dzenje lake silifika patali. Mvula ikagwa madzi salowa pansi, amangoima. Pamenepo madzi a m'chimbudzi, a pamulu wa zinyalala ndi a m'chitsime amakhala a banja limodzi. Pachipatala anamanga matenti. Munthu amene mwapatsana moni m'mawa pa basi, madzulo mumamva kuti amunyamula pa wilibala, maso atalowa m'kati.

Lamulo linabwera lakuti zitsime zonse zosazama zikwiriridwe: laimu pansi, miyala, kenako dothi. Anthu azikatunga kumpopi wa kumsewu waukulu, umene unali kutali ndipo unkatulutsa madzi ukafuna wokha. Anandipatsa amuna ochepa a mafosholo ndi lole imodzi yotsala, ya ba Chanda, yodzaza miyala. Tinayambira pakhomo pa ba Mwansa, wosoka nsapato. Tinawapeza ataima pa chivindikiro cha chitsime chawo, nsapato ya kasitomala ili m'manja. Sanakweze mawu.

“Ba Sakala, palibe vuto,” anatero. “Yambani chabe na chitsime cha apongozi banu. Mukasiliza mubwele kuno, na fosholo nizakubwelekani.”

Khomo lachiwiri anatiuza zomwezo, lachitatu zomwezo, ngati anachita kuphunzitsana kwaya. Tinabwerera ndi miyala yathu.

Kunena zoona, chitsime cha aNaphiri chinali choyamba choyenera kukwiriridwa. Aneba anali atamanga chimbudzi pafupi kwambiri, moti munthu ali m'katimo akanatha kulandira chidebe kwa wotunga popanda kutuluka. Amake Joyisi, mai wogulitsa nsomba amene ankatunga pathu tsiku ndi tsiku, anali atamwalira m'tenti sabata yomweyo. Koma amake Joyisi ankaswera pamsika, pafupi ndi mulu, ndipo ankamwa paliponse. Ndinatunga madzi m'botolo n'kupita nawo koyezetsa, ndipo anandiuza kuti mankhwala oyezera anatha kalekale. Madziwo anali oyera mbee, ozizira, okoma kuposa a kumpopi. Inu nonse munkamwa omwewo. Iwe Dalitso unali ukukwawa, ndipo chilichonse chonyowa unkachiyesa chakumwa. Ndikanathanso kungochisiya. Bwana sakanabwera kudzaona, galimoto yake inkaopa madzi a ku Kanyama kuposa mphaka. Koma ndikanachisiya, palibe chitsime china m'chigawo chonse chikanakwiriridwa.

Ndinapempha amai anu kuti akanene kwa amai awo. Anapitiriza kupeta mpunga ngati sanamve, kenako anayankha osandiyang'ana.

“Moni wanu ndanyamula zaka zonsezi. Uwu nyamulani nokha. Atate anga anasiya mapapo awo m'chitsimemo.”

Anawonjezera kuti amai awo akatithamangitsa pamalopo, iwo sakudziwa kuti adzaima mbali iti ya mpanda. Amai anu sanena zinthu kawiri.

Ndinayesa mtengo wa mapeyala. Ndinagwada chapatali n'kuufotokozera zonse, za lamulo, za chimbudzi cha aneba, za amake Joyisi. Ndinaona mapazi aja ataima pakhomo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenuka n'kulowa m'nyumba.

Ndiye ndinakumbukira kuti ndili ndi mbuya, mnzanga wa chimbuya uja, ba Chanda. Mbemba akhoza kunena kwa munthu wa kum'mawa chimene mkamwini sanganene, ngakhale kwa nkhalamba. Ba Chanda anavomera msangamsanga moti ndinayamba kuda nkhawa. M'mawa mwake tinafika ndi lole, anthu a m'chigawo akuikankha, poti aliyense ankafuna kuona. Ba Chanda anatsika, anakoka buluku, n'kuima pakati pa bwalo. Anauza aNaphiri kuti amwetsa komboni yonse msuzi wa m'chimbudzi kwa nthawi yaitali, ndipo anthu akhuta. Kuti anthu a kum'mawa mimba zawo zinazolowera makoswe koma ena onse ndi anthu wamba. Apongozi anawabwezera kuti munthu wokhalira pilo asalankhule za zinthu zakuya, angagweremo osapezekanso. Anthu anaseka, iwonso anaseka. Ndinayamba kuganiza kuti zatheka. Kenako kuseka kuja kunazima.

“Mbuya amabwera kudzaseketsa, ndipo ndaseka,” anatero aNaphiri. “Koma chitsime cha mwamuna wanga sichikwiriridwa ndi nthabwala, kapena ndi mtengo wa mapeyala. Amene akufuna kuchikwirira anene yekha, akundiyang'ana.”

Ba Chanda anabwerera m'mbuyo n'kukaima pafupi ndi lole, ngati munthu amene wangodutsa. Amai anu anali pakhomo lathu, iwe Dalitso uli kumsana. Ndinayenda mpaka pamene panali mapazi aja n'kugwada m'matope, ovolosi yonse n'kumira mpaka m'ntchafu. Ndayendapo maulendo pa moyo wanga, koma ulendo wochokera kumapazi a apongozi anga kufika kumaso kwawo unali wautali kuposa wa ku Katete, pa basi yophulika matayala. Ndinadutsa chitenje, ndinadutsa manja opindidwa pachifuwa, ndinapumira pakhosi. Nditafika ndinapeza nkhope ya amai anu, yokalamba, ya mphini m'masaya, ndi diso limodzi loyera ndi ng'ala. Zaka zonsezo palibe anandiuzapo za disolo. Anali aang'ono thupi kuposa mmene mapazi ankanenera.

“Amai,” ndinatero, “chitsime ichi ndichikwirira lero.”

“Mwapezamo matenda?”

“Sindinapeze. Choyezera kulibe.”

“Ndiye mukukwirira chinthu chimene simukudziwa ngati chalakwa.”

“Inde, amai. Ndikadikira kuti ndidziwe, ndidzadziwira pa mwana.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi diso labwinolo, kenako anayang'ana kukhomo kwathu. Anapita pachitsime okha, anaponya chidebe, anakoka chingwe osalola wina kuwathandiza. Anayang'ana m'madzimo, osamwa, n'kuwabwezera momwemo. Anamasula chingwe pa mtanda, anachikulunga bwinobwino n'kuchiika m'khwapa.

“Kwirirani,” anatero. “Koma a Banda anakumba apa kuti ine ndisadzasenzenso chidebe pamutu, ndipo sindisenza. Wokwirira ndiye azitunga.”

Tinathira laimu, kenako miyala. Mwala woyamba unalira pansi penipeni, ndipo amai anu analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ba Chanda anagwira fosholo tsiku limenelo, chinthu chimene dalaivala sachita, ndipo sananene nthabwala ngakhale imodzi. Chimene munthu anakumba zaka, ife tinachitseka dzuwa lisanafike pamutu. Tili pakati, ba Mwansa anatulukira ndi fosholo yawo paphewa, monga ananenera, ndipo madzulo tinali pakhomo pawo. Ena anatsatira. Ena anatitsekera zipata, ena anafukula zawo ife titangokhota. Kolera inapita mvula itatha, monga imachitira, n'kudzabweranso zaka zina. M'nyumba mwathu simunadwale munthu. Kaya n'chifukwa cha miyala ija, kaya chitsimecho chinalibe mlandu chiyambire, sindikudziwa, ndipo palibe amene angandiuze. Ndikakhala pampando n'kuyamba kuganiza zimenezi ndi pamene mumandiona ndanyamuka.

Sanatithamangitse. Amai anu anakhala masabata angapo akundiikira chakudya patebulo ngati akuikira mlendo wa aneba, kenako tsiku lina anandifunsa ngati msana ukupweteka, ndipo ndinadziwa kuti ndikadali pabanja. Msanawo unkapwetekadi, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

M'mawa wotsatira tsiku lokwirira, ndisanavale n'komwe, ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza wilibala ya malemu a Banda, zigubu zitasanjidwa mpaka pamwamba, zina za apongozi, zina za nkhalamba anzawo amene ankatunga pathu. Pambali pake panali aNaphiri, atavala nsapato za kutchalitchi ndi duku latsopano. Mwachizolowezi maso anga anathawira pansi, ndipo ndinayamba kufunafuna mtengo wa mapeyala.

“Musavutitse mtengo, a Sakala,” anatero. “Munandiyang'ana kale. Tiyeni, mzere ukutalika.”

Ndinaganiza kuti angondiperekeza pachipata. Ayi. Chitsime chitatsekedwa nkhani zonse zinasamukira kumpopi, ndipo iwo sakanalola kuti azimva za m'chigawo chawo kwa anthu ena. Sananyamule kanthu, monga analonjezera. Ankayenda pambali panga manja ali kumbuyo, ine ndikukankha wilibala m'madzi ofika m'mawondo, munthu wa khonsolo, wokwezedwa pantchito, amai a m'komboni akundipatsa moni waulemu wopitirira muyezo. Tinayenda choncho m'mawa uliwonse mpaka chaka chimene anamwalira. Ndipo pa ulendo woyamba womwewo ndinazindikira kuti mwambo uja unkanditeteza ku chiyani. Mai ameneyu anali atandiyang'anitsitsa ndi diso limodzi kuyambira tsiku limene ndinalowa pakhomo pawo, anali ndi maganizo pa chilichonse, ndipo analibe kowatula. Tisanatuluke n'komwe pachipata anakonza kukhosi.

“Tiyambire pa suti imene munavala paukwati,” anatero. “Inali ya ndani?”